Mbiri ya Msonkho ndi Makani Ace m'Nyumba ya Malamulo

Inu omvera athu a ku Migodi, ndi inu a muno m'Lusaka, nkhani yathu lero ndi ya msonkho. Caka ndi caka nduna ya za cuma iimirira m'Nyumba ya Malamulo pa Manda Hill, niwerengera aphungu m'mene Boma lidzapezera ndalama ndi m'mene lidzazigawira. Ikangokhala pansi, makani abuka. A cipani colamula anena kuti popanda msonkho sipangakhale mankhwala m'cipatala kapena mabuku m'sukulu. A cipani cotsutsa ayankha kuti munthu wamba walemedwa kale, unga wakwera mtengo, lendi ya nyumba yakwera, ndipo malipiro atha mwezi usanafike pakati. Ena ayesa kuti makani otere anadza ndi zipani za masiku ano. Iai, ngakale ndithu, ndipo pa nthawi zina mwazi unakhetsedwa cifukwa ca iwo. Tsono tiyeni tiwalondole kucokera kumene anayambira.

MASIKU A KAMPANI

Azungu asanafike, makolo athu anali kupereka mtulo kwa mafumu ao: mnyanga wa njobvu, mwendo wa nyama, dengu la mapira, kapena masiku angapo a kulima m'munda wa mfumu. Mtulo umenewo unali wa zinthu zimene munthu anali nazo pakhomo pace, ndipo pa caka ca njala anthu anali kuyembekeza kuti nkhokwe ya mfumu idzawatsegukira. Msonkho wa ndalama unadza ndi Kampani ya Cecil Rhodes, ija yochedwa British South Africa Company. Itagonjetsa Angoni a Mpezeni m'caka ca 1898, Kampani inakhazika boma lace ku Fort Jameson, kumene lero tikucha Chipata, ndipo m'caka ca 1901 inayamba kukhometsa msonkho wa 3s. pa nyumba iri yonse. Kumadzulo kwa dziko msonkho unayamba m'caka ca 1904.

Masheleni atatu aoneka ocepa lero, koma m'midzi ya masiku amenewo ndalama sizinali kupezeka. Panalibe msika wogulitsako cimanga, ndipo njanji inali kutali. Cotero mwamuna anali kumanga kamba wace, nayenda pansi masabata ambiri kunka ku mapulazi ndi migodi ya Southern Rhodesia, kapena ku Katanga, kapena ku Joni. Akulu a Kampani anadziwa bwino lomwe kuti zidzatero. Msonkho unali ndi nchito ziwiri, kudzaza thumba la boma, ndi kuturutsa amuna m'midzi kuti akagwire nchito kwa Azungu. Wolephera kulipira anali kugwidwa ndi amesenjala a ku Boma, ndipo m'zaka zoyambazo ena anawatenthera nyumba.

Anthu akuda anadandaula, ena nathawira kuthengo pomva kuti wokhometsa msonkho wayandikira, koma analibe bwalo lonenerako mau ao. Azungu okhala m'dziko muno ndiwo anali nalo. Ca m'ma 1920, pamene Kampani inaika msonkho pa ndalama zimene iwo anali kupeza, anakana kolimba, wowatsogolera ali Leopold Moore, wogulitsa mankhwala wa ku Livingstone, amenenso anali mwini nyuzipepala. Mfundo yao inali yakuti boma lisakhometse munthu msonkho ngati munthuyo alibe mau m'bomalo. Mfundoyo inali yoona. Koma sanafune kuona kuti inali kukhudzanso anthu akuda zikwi zambirimbiri amene anali atakhoma kale msonkho kwa zaka makumi awiri.

M'caka ca 1924 Boma la Britain linalandira dziko m'manja mwa Kampani, ndipo kunakhazikitsidwa Nyumba ya Malamulo, imene pa Cingerezi inachedwa Legislative Council. Bwanamkubwa ndiye anali pampando. Pamodzi naye panali akulu a Boma 9, ndi malo 5 a Azungu osankhidwa ndi Azungu anzao. Munthu wakuda munalibe ngakhale mmodzi. Lamulo linati wobvota akhale nzika ya Britain, pamene eni dziko anali kuwerengedwa ngati anthu otetezedwa cabe. Kampani nayo sinacoke cimanjamanja, pakuti inasunga umwini wa miyala ya pansi pa nthaka. Musaiwale mau awa, cifukwa tidzakomana nao kutsogoloku.

CAKA CA 1935

Migodi yaikulu ya mkuwa inayamba kukumbidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. M'caka ca 1930 anthu akuda ogwira nchito pa migodi anali pafupifupi 30,000; koma malonda atagwa pa dziko lonse lapansi migodi ina inatsekedwa, ndipo pofika 1932 otsalawo sanakwane 7,000. Ocotsedwa anabwerera kumidzi opanda kanthu, koma msonkho unawatsata komweko, ndipo ambiri analowa m'ndende mlandu wao uli umphawi wokha.

Boma la Bwanamkubwa Sir Hubert Young linaganiza zokonza zinthu. Linatsitsa msonkho wa kumidzi yakutali kuti ukhale 7s. 6d., nilikweza wa ku Migodi kucoka pa 12s. 6d. kufika pa 15s. Pa pepala maganizo amenewa anaoneka acilungamo, kuti wolandira malipiro apereke zambiri, ndi wa kumudzi apereke zocepa. Koma palibe amene anafunsa munthu wa pamgodi. Akadamfunsa, akadamva kuti woyamba nchito pamwamba pa mgodi anali kulandira 12s. 6d. pa tikiti ya masiku 30, kotero kuti msonkho watsopanowo unaposa thukuta lace la mwezi wathunthu. Akadamvanso kuti malipiro omwewo ndiwo anali kugula bulangete la amai kumudzi, ndi kukhomera msonkho mphwace wosowa nchito.

Kalengezedwe kace kanaonjeza moto. Uthenga unafika m'mwezi wa May, koma msonkho unali kuwerengedwa kuyambira mu January. Ku Mufulira apolisi a mgodi anazungulira m'komboni akupfuula kuti msonkho wakwera, ngati olengeza za mbuzi yosokera. Anthu anakana kutsika pansi. Ku Mufulira kukana nchito kunayamba, nikufalikira ku Nkana, ndi pambuyo pace ku Luanshya. Ndipo magulu a gule wa Mbeni, amene akapitao anali kuwayesa a masewera cabe, anathandiza kunyamula mau kucoka ku mgodi wina kunka ku wina. Pa 29 May khamu linasonkhana pa ofesi ya komboni ya Roan Antelope. Miyala inaponyedwa, apolisi anaomba mfuti, ndipo anthu 6 anafa, ena ambiri nabvulala.

Masiku omwewo muno m'Lusaka munali madyerero otsegulira likulu latsopano, Boma litasamuka ku Livingstone. Pa Ridgeway panali pataima nyumba yokongola ya akalembera a Boma, m'kati mwace muli cipinda ca Nyumba ya Malamulo. Mbendera zinali petupetu m'Lusaka pamene ku Luanshya anali kukumba manda.

Bungwe lofufuza, lotsogozedwa ndi Sir Alison Russell, linabvomera kuti msonkho unalengezedwa mosayenera, koma linakankhiranso mlandu kwa a mpingo wa Watch Tower. Anchito amene anacitira umboni anachula zina zambiri, za malipiro ocepa, za phoso losakwana, ndi za kutukwanidwa ndi kumenyedwa pa nchito. Kuyambira pamenepo Boma linazindikira kuti silingathe kusenzetsa anthu katundu osamva mau ao. Koma linayenda mwa kaulendo ka bilimankhwe. M'caka ca 1938 Stewart Gore-Browne wa ku Shiwa Ng'andu anaikidwa m'Nyumba ya Malamulo kuti azinenera anthu akuda. M'caka ca 1940 mfuti zinaliranso ku Nkana, nafa anthu 17. Bungwe la African Representative Council linayamba m'caka ca 1946, ndipo m'caka ca 1948 mpamene anthu akuda awiri oyamba, Mbusa Henry Kasokolo ndi Nelson Nalumango, anakhala pa mipando ya Nyumbayo.

CUMA CA MKUWA CINALI KUNKA KUTI?

Pamene Boma linali kuthamangitsa munthu cifukwa ca masheleni, mapaundi anali kuturuka m'dziko pa khomo lina. Sir Alan Pim, amene anatumidwa kudzaona za cuma ca dziko lino, anaonetsa m'lipoti lace la 1938 kuti nchito za cipatala ndi za sukulu za anthu akuda zinali zocepa kocititsa manyazi, pamene migodi inali kupindula. Cifukwa cace cinali cotere. Makampani a migodi anali ndi malikulu ao ku London, cotero msonkho wa pa phindu lao unali kugawidwa pakati pa Boma la kuno ndi la Britain. Olemba mbiri awerenga kuti pakati pa 1930 ndi 1940 Britain inalandira £2,400,000 za msonkho wa migodi yathu, pamene cithandizo ca citukuko cimene inabweza kuno cinali £136,000. Pamwamba pa izo, Kampani ija ya Rhodes inali kulandira gawo lace pa mkuwa uli wonse wokumbidwa, ngakhale sinagwire fosholo.

M'Nyumba ya Malamulo munali mbali ziwiri zoyang'anana, akulu a Boma omvera London, ndi Azungu osankhidwa. Mtsogoleri wa osankhidwawo anadzakhala Roy Welensky, woyendetsa sitima wa ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, amene analowa m'Nyumbamo m'caka ca 1938. Iyeyu anadana nako kuona ndalama zirikunka ku London. M'caka ca 1949 anaopseza kuti adzabweretsa lamulo lokhometsa msonkho waukulu pa gawo la Kampani. Akulu a Boma anagwira njakata, popeza Britain inali itabvomereza umwini wa Kampani pa pangano la 1923. Nduna ya maiko a atsamunda, Arthur Creech Jones, inaitanira mbali zonse ku London, ndipo pa pangano la 1950 Kampani inalola kupatsa Boma la kuno magawo 20 mwa 100 a zopeza zace za miyala, ndi kusiya umwini wonse m'caka ca 1986.

Welensky anapambana pamenepo, ndipo dziko linapindula. Koma panatsala funso limene iye sanaliyankhe mokomera onse: ndalama zikatsala m'dziko, zitumikire yani? Azungu osankhidwa anali kunena kawirikawiri kuti iwo ndiwo apereka msonkho weniweni, ndi kuti masheleni a anthu akuda sangamange ngakhale masukulu ao omwe. Atsogoleri a anthu akuda anali kuyankha kuti phindu limene makampani akhomerapo msonkho licokera m'manja mwa munthu wotsika pansi pa mgodi, ndi kuti wogula bulangete, njinga kapena mpukutu wa nsalu m'sitolo walipira kale msonkho wa pa malire, ngakhale sapatsidwa risiti. Dauti Yamba ndi Paskale Sokota, amene analowa m'Nyumbamo m'caka ca 1951, anali awiri okha pakati pa Azungu ambiri. Mau anali nao, koma pa kuwerenga manja anali kugonja.

CITAGANYA NDI MZINDA WA LUSAKA

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 makampani a migodi anasamutsa malikulu ao kucoka ku London, ndipo zinaoneka ngati tsopano msonkho wonse wa mkuwa udzatsala kuno. Koma m'caka ca 1953 kunadza Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene Welensky yemweyo anacimenyera nkhondo, ndi cimene Harry Nkumbula ndi a Congress anacikana kufikira kutentha pepala lace pamaso pa khamu muno m'Lusaka. Mphamvu ya kukhometsa msonkho pa phindu ndi pa malipiro inasamukira ku Salisbury. Poyamba, mwa mapaundi 100 ali onse, Boma la Citaganya linali kutenga 64, Northern Rhodesia 17, Southern Rhodesia 13, ndi Nyasaland 6. Pa zaka khumi zimenezo mkuwa wa kuno unamanga zambiri kutsidya kwa Zambezi. Ngakhale dziwe lalikulu la magetsi, limene anthu a kuno anayembekeza kuti lidzakhala pa Kafue, linapita ku Kariba m'caka ca 1955, ndipo Azungu ena a kuno omwe anakwiya nazo. M'Nyumba ya Malamulo ya Citaganya, mwa aphungu 35, akuda anali 6.

Munthu wofuna kuona kumene msonkho unali kupita sanasowe kuwerenga mabuku a Boma. Kunali kokwanira kuyenda pansi kucoka ku Kabwata kunka ku Kabulonga. Ku Kabwata kunali tinyumba tozungulira tofolera udzu, tomangidwira mwamuna mmodzi wopanda banja, pakuti olamula anali kuyesa munthu wakuda mlendo wa m'tauni amene adzabwerera kwao nchito ikatha. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kumene anthu akucha kumayadi, kunali nyumba za mabwalo akulu, madzi a m'mipope ndi magetsi. Lamulo la 1948 la nyumba za anthu akuda ndilo linatsegula njira yakuti mwamuna akhale ndi mkazi wace m'tauni, ndipo Chilenje ndi Matero zinakula m'zaka zotsatira.

Panalinso msonkho wina wosachulidwa dzina. Zambiri za cisangalalo ndi cithandizo m'makomboni zinali kulipiridwa ndi phindu la nyumba za mowa za kansolo, ndipo pofuna kuteteza phindulo lamulo linaletsa amai kufulula mowa wogulitsa. Motero mmphawi anali kudzimangira yekha bwalo la mpira ndi ndalama za cikho cace, mkazi wace atalandidwa njira yopezera ya ndiwo. Nkhani ya msonkho, ya mtengo wa zinthu ndi ya ulemu wa munthu zinasanduka mtolo umodzi. M'caka ca 1954 anthu a m'Lusaka ananyanyala mabuchala amene anali kuwagulitsa nyama pa kazenera. M'caka ca 1961, pa masiku a Cha Cha Cha, anthu zikwi zambiri, makamaka kumpoto ndi ku Luapula, anatentha zitupa zao, zimene munthu anali kuyenda nazo pamodzi ndi risiti ya msonkho.

USIKU WA UFULU

Cisankho ca 1962 cinasintha maonekedwe a Nyumba ya Malamulo. Cipani ca United Federal Party cinapeza mipando 16, UNIP ya Kenneth Kaunda 14, ndi Congress ya Nkumbula 7. Kaunda ndi Nkumbula atagwirizana, zipani za anthu akuda zinakhala ku mbali ya Boma kwa nthawi yoyamba, ndipo a John Roberts anakhala otsutsa. Citaganya cinatha pa 31 December 1963, ndipo msonkho wa mkuwa unabwerera ku Lusaka.

Kunatsala Kampani. Akulu anati mlandu suola. Boma latsopano, nduna yace ya za cuma ali Arthur Wina, linafukula mapangano akale, nilionetsa kuti umwini wa Kampani unatsamira kwambiri pa mapepala amene Mfumu Lewanika ya Alozi inasaina kuyambira 1890, pamene ulamuliro wa Lewanika sunafike ku dziko la Alamba kumene kuli migodi. Linanena poyera kuti silidzadikira 1986, ndi kuti ngati Kampani ikana, lidzalanda umwiniwo mwa lamulo. Makambirano anafika pa tsiku lotsiriza lenileni. Maora ocepa mbendera ya Zambia isanakwere pa 24 October 1964, Kampani inalola kulandira £4,000,000, theka locokera ku Britain ndi theka ku Zambia, nisiya zonse.

MAKANI A ENI OKHA

Ufulu sunathetse makani a msonkho. Unangowabweretsa pakati pa ife tokha. M'caka ca 1967 aphungu anasamukira ku nyumba yatsopano ya pa Manda Hill. M'caka ca 1969, polankhula ku Matero, Kaunda analengeza kuti Boma lidzatenga magawo 51 mwa 100 a migodi. Pamene mkuwa unali pa mtengo wabwino, Boma linamanga masukulu, zipatala ndi miseu, nilitsitsa mtengo wa unga ndi ndalama za msonkho. Koma kuyambira 1973 m'Nyumbamo munatsala cipani cimodzi, ndipo mtengo wa mkuwa utagwa m'caka ca 1975, thumba linayamba kuuma. Posowa otsutsa m'Nyumba, makani anaturukira pa mseu monga m'caka ca 1935. Mu December 1986 mtengo wa unga woyera utakwezedwa koposa kawiri, ku Migodi kunabuka cipolowe, nafa anthu 15. Mu June 1990 zomwezo zinacitika muno m'Lusaka, ndipo caka cotsatira zipani zambiri zinapikisananso pa cisankho.

Migodi itagulitsidwanso kwa makampani, funso la Welensky ndi la Wina linabwerera. M'caka ca 2008 Boma la Levy Mwanawasa, nduna yace ali Ng'andu Magande, linakweza gawo la Boma pa mkuwa wogulitsidwa kucoka pa 0.6 kufika pa 3 mwa 100, niliikanso msonkho wapadera wa pa nthawi imene mkuwa wakwera mtengo kopambana. M'caka ca 2009 Boma la Rupiah Banda linacotsa msonkho wapaderawo, likuti malonda agwa pa dziko lonse ndipo migodi ingatsekedwe, anthu nataya nchito. Otsutsa anati Boma lagonjera makampani. Michael Sata ndi cipani ca PF analonjeza misonkho yocepa ndi ndalama zambiri m'matumba a anthu, napambana m'caka ca 2011. Nduna yao, Alexander Chikwanda, inawirikiza kawiri malipiro amene munthu alandira osadulidwa msonkho, nikweza gawo la pa mkuwa kufika pa 6 mwa 100. Koma pamene Boma lomwelo linayesa kufikitsa gawolo pa 20 mwa 100 pa migodi yapamtunda m'caka ca 2015, eni mgodi wa Lumwana anati adzaimitsa nchito, ndipo lamulolo linasinthidwa caka cisanathe.

Mwaona tsono kuti cipani cikakhala ku mbali yotsutsa cilira m'malo mwa wokhoma msonkho, ndipo cikalowa m'Boma cipeza kuti walira mvula walira matope: wofuna cipatala afunanso ndalama zocimangira. Zimenezi siziri zodabwitsa, ndipo si cifukwa cakuti munthu atseke wailesi pa tsiku la makani. Kalaliki wa ku Chelstone amene aona msonkho utadulidwa pa pepala la malipiro ace, mai wa pa msika wa Kabwata amene alipira tikiti ya kansolo m'mawa uli wonse, ndi mnyamata wotsika pansi ku Mufulira, onsewa ali naco cimene anthu a ku Roan Antelope analibe, ndico phungu amene anamsankha okha, ndi amene angathe kumcotsa. Cotero nduna ikadzawerenganso za cuma, cherani khutu. Funsani phungu wanu kuti katunduyo agwera yani, wa kumayadi kapena wa kukomboni, kampani kapena wanchito. Ndipo mumfunsenso kuti ndalama za caka catha zinagwira nchito yanji kwanuko. Akayankha mozungulira, mumkumbutse za 29 May 1935.